Abale a ku Limbe Akabwera ndi Ana, Tiwatengere Pati?

Sukulu zikatsekera kapena Idi ikayandikira, mafoni athu kuno kunyanja sapuma. Ndi abale a ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni: "Achimwene, tikubwera ndi ana, adzaoneko nyanja." Timasangalala ndithu. Nkhuku imagwidwa, mpunga umapetedwa, chambo chimasungidwa. Koma alendo akangotula zikwama, ana amathamangira kumadzi, ndipo udindo wonse umagwera ife eni khomo.

Tisaiwale kuti mwana wa ku Blantyre madzi amene amawadziwa ndi a pampopi, mwina ndi a mu Mudi kapena mu Nasolo olekeza m'mawondo. Sadziwa kuti mchenga umatha mwadzidzidzi, kuti mwera umasintha nyanja pa kanthawi kochepa, kapena kuti m'bango mumabisala ng'ona. Nkhani ino ikufotokoza malo a m'mapaki a boma awiri, ya Nyanja ya Malawi ndi ya Liwonde, kumene banja lingacheze bwino n'kubwerako onse ali amoyo ndi athanzi. Mfundo yake ndi imodzi: madzi ena ndi osambamo, ena ndi ongoonera ndi maso, ndipo wamkulu ayenera kudziwa kusiyanitsa asananyamuke pakhomo.

Mapaki awiri pa msewu umodzi

Wochokera ku Limbe amakwera basi kapena minibasi yodzera ku Zomba, n'kutsika phiri mpaka ku Liwonde, kenako Ulongwe, Mangochi, mpaka kulowera ku Monkey Bay. Utatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 kukafika ku Chembe, kumene alendo amati ku Cape Maclear. Ulendo wonse umapitirira makilomita 250. Ndi ana aang'ono, limenelo ndi tsiku lathunthu, choncho auzeni abalewo alawire m'mamawa kuti akaswali ndi kudya pa Mangochi dzuwa lisanapendeke.

Msewu umenewu umadutsa pafupi ndi mapaki onse awiri. Ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndi yaikulu masikweya kilomita 548, ndipo kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Ya Nyanja ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94. Muli mapiri a dera la Nankumba, zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Boadzulu, komanso zilumba za Maleri kufupi ndi Salima.

Ambirife tinabadwira pafupi ndi malo amenewa koma sitinalowemo. Timati ndi za azungu. Ayi, abale. Mmalawi amalipira ndalama yochepa pachipata kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo funsiranitu mtengo wa akulu ndi wa ana musanapite.

Shire ndi woonera ndi maso

Tiyambe ndi mtsinje, chifukwa ndi umene alendo amayamba kukumana nawo. Shire amatuluka m'nyanja pa Mangochi, amalowa m'nyanja ya Malombe, kenako amatsika motsatira paki ya Liwonde mpaka pa baraji ya Kamuzu. M'chigawo chimenechi muli mvuu ndi ng'ona zambirimbiri. Palibe doko ngakhale limodzi m'paki muno limene munganene kuti apa mwana asambe. Ngakhale kusamba m'manja, kutsuka mbale kapena kupanga wudhu m'mphepete mwa mtsinje, osayerekeza. Nyamulani madzi anu m'chigubu.

Komatu kwa banja, ulendo wa pa boti pa Shire ndi wosaiwalika. Maboti a alendo amanyamukira pafupi ndi tauni ya Liwonde, ena ku Mvuu, kumene mumafikako podzera pa Ulongwe n'kuwoloka mtsinje. M'miyezi ya chilimwe, kuyambira August mpaka October, madzi a m'tchire amakhala ataphwa ndipo nyama zimatsikira kumtsinje. Ana amaona njovu zikumwa, mvuu zitaunjikana, ng'ona zikuwothera dzuwa kukamwa kuli yasa, nkhwazi zili pamwamba pa migwalangwa. Zimene amangoziona m'buku la kusukulu amaziona ndi maso.

Malamulo a m'botimo ndi ochepa: mwana akhale pakati pa akuluakulu, dzanja lisalendewere m'madzi, wina asaimirire mwadzidzidzi pofuna kujambula. Mvuu ya mwana ndi yoopsa kuposa zonse, ndipo woyendetsa akanena kuti apa sitiyandikira, musamukakamize. Pamtunda, musatsike m'galimoto pokhapokha pamalo amene oyang'anira aloleza. Kuyambira mu 2018 m'pakiyi mulinso mikango.

Magombe a ku Cape Maclear

Tikafika kunyanja, nkhani imasintha. Kuno kusamba n'kotheka, koma si paliponse pofanana.

Gombe la m'mudzi wa Chembe ndi lalitali, la mchenga wabwino, ndipo ndi pamene pali malo ambiri ogona ndi odyera. Koma ndi doko la anthu: amayi akuchapa, mabwato akukocheza, usipa uli pamathandala, injini zikulira. Madzulo, makamaka kumapeto kwa sabata ndi pa maholide, mbali zina kumakhala nyimbo ndi zakumwa zoledzeretsa. Ndi malo abwino oyendapo, kugula nsomba ndi kuonera dzuwa likulowa. Posambitsa ana, pitani patsogolo.

Kumapeto kwa mudzi, chakumadzulo, kuli chipata cha paki. Mukalowa mumapeza gombe la Golden Sands. Pali mchenga, pali mithunzi ya mitengo, anthu ndi ochepa. Banja litha kuyala mkeka, amayi ndi atsikana n'kupeza mbali yawo yosamba momasuka popanda maso ambiri. Chenjerani ndi anyani ndi apusi okha: chakudya chikhale chotsekera, ndipo ana asawaponyere kanthu, chifukwa nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda. Pafupi pomwepo pali kanyumba koonetsera mbiri ndi zamoyo za m'nyanja, komanso manda a amishoni amene anafika ndi Robert Laws mu 1875. Malungo anawasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Phunziro lake lilipobe: ogona kunyanja agone m'masikito.

Mukayenda pang'ono kupitirira Golden Sands mumafika pa Otter Point. Apa ndi pa miyala, madzi ake oyera mbee, ndipo mbuna zimaoneka ngakhale utangoima pamwala: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Ndi malo a ana okulirapo odziwa kusambira. Miyala imaterera ndipo pena pamazama msanga, choncho ang'onoang'ono aonere ali pamtunda, atagwidwa dzanja.

Amene ali ndi kangachepe angakwere boti kupita pa chilumba cha Thumbi, chimene chimaoneka patsogolo pa mudzi. Ulendo wake ndi waufupi. Eni maboti amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzaitola ana akuonerera. Domwe ndi Mumbo ndi zokongola, koma ndi zotalikirapo ndipo malo ogona kumeneko ndi okwera mtengo. Pobwerera, imani pa Mwala wa Mphini m'mbali mwa msewu. Ndi chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu, ndipo boma limachiteteza ngati chipilala cha dziko.

Chinanso: mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za alendo m'boma la Mangochi. Pamene munkapadziwa kuti ndi posaya mwina pano pasintha. Safunsa anadya phula. Funsani oyang'anira paki kapena asodzi a pamalopo, ndipo wamkulu ayambe ndiye kulowa m'madzi.

Mdani wosaoneka: likodzo

Ng'ona timaiopa chifukwa timaiona. Likodzo sitiliona, n'chifukwa chake limatipweteka. Ena mpaka amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si kukula kumeneko, ndi matenda, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo ndi impso, amachepetsa magazi, amabweretsanso mavuto a uchembere kwa amayi.

Kayendedwe kake ndi aka. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi. M'nkhonomo tizilombo timachulukana, kenako timatuluka, makamaka dzuwa likakwera, n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Sipafunika bala, sipafunika kumwa madziwo. N'chifukwa chake pamadoko a anthu ambiri, m'bango, m'maudzu ndi pamathiriro a timitsinje ndi poopsa kwambiri. Pa miyala ya kuzilumba, kutali ndi midzi, chiopsezo n'chocheperapo, ngakhale sitinganene kuti palibiretu.

Apa pali nkhani yotikhudza ife asodzi. M'nyanja muli nsomba zina za pamchenga zimene chakudya chake ndi nkhono, zimaziphwanya ndi mano a kukhosi. Akatswiri amene anafufuza ku Chembe kwa zaka zambiri, mmodzi mwa iwo Jay Stauffer wa ku America, anaona kuti nsomba zimenezi zitachepa chifukwa cha makoka okokera kugombe, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakwera. Tikamakoka ukonde wa maso ang'onoang'ono kapena masikito m'mbali mwa gombe, timachotsa alonda amene amateteza ana athu omwe.

Tsono chochita n'chiyani? Ana asambe m'mamawa, kwa nthawi yochepa, kutali ndi bango. Apite kuchimbudzi asanalowe m'madzi. Madzi a m'nyanja osamba kunyumba muwawiritse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri, tizilombo timafa. Akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala, pajatu kolera ya mu 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Ndipo abale a ku Limbe muwauze mosabisa kuti pakatha masabata 6 mpaka 8 atabwerera, apite ndi ana kuchipatala akanene kuti anasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Amagwira bwino tizilombo tikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza kwenikweni. Amwe atadya.

Mphepo ndi boti

Izi asodzi mukuzidziwa kuposa wolemba, koma alendo sazidziwa. Kuyambira May mpaka August mwera umawomba mwamphamvu, ndipo nthawi ya dzinja mpoto ndi mabingu zimabwera mosalonjera. Nyanja imene inali bata m'mawa itha kukhala ina masana. Ulendo wa pachilumba ukhale wa m'mawa, ndipo mubwereko msanga.

Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo a ana akhale owakwana, omangidwa bwino. Musadzaze boti pofuna kupulumutsa ndalama ya ulendo wachiwiri. Bwato la mtengo limene inu mumapalasa tsiku ndi tsiku si la mwana wa m'tauni, iye akangodzuka pang'ono lagubuduka. Pagombe, sankhani wamkulu mmodzi woti ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi, foni ili m'thumba. Mwana akamamira sakuwa ayi, amangozimirira mwakachetechete, anthu ali pomwepo akucheza. Pagulu aliyense amaganiza kuti mnzake akuona.

Mamita 100 aja

Paki ya Nyanja ya Malawi siithera pamtunda. Madzi onse ofika mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi kuzungulira zilumba zake ndi otetezedwa, saloledwa kuponyamo ukonde kapena mbedza. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inalipo paki isanabwere ndipo inasiyidwa m'malo mwake, anthu ake amapha nsomba kunja kwa malire amenewa. Mlendo akanyamula mbedza kuti ayeseko pa Otter Point, muletseni. Lamulo la zachilengedwe linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wogwidwa atha kulandidwa zipangizo n'kukaonekera kukhoti.

Ena amadandaula kuti boma linatilanda malo a nsomba. Koma taganizani. Mbuna sizipita kutali ndi miyala imene zinabadwira, moti chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zimalera ana m'kamwa ngati chambo, ndipo zimaswa ana ochepa. Mukazitha pa mwala umodzi, zatha basi. Malo otetezedwawa ndi pobisalanso nsomba zina zimene timadya, zikakula zimatuluka n'kukalowa m'maukonde athu. Ali ngati mbewu imene mlimi amasunga padenga: njala ingawawe bwanji, saikazinga. A ku Malombe akukumbuka mmene chambo chinatheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka kuyambika kwa makomiti a m'madoko. Ndi mbuna zomwezo zimene zimakoka alendo, n'kupatsa ntchito anyamata a maboti, amayi ogulitsa nsomba ndi alimi a tomato ndi masamba.

Choncho pochoka, tolani mapepala, mabotolo ndi majumbo onse. Musathyole mitengo, musasiye moto, musatengere ana tinsomba m'botolo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku awiri kapena atatu okha, abale aja akwera basi kubwerera ku Limbe. Tiyeni tiwasankhire malo mwanzeru: Shire amuonere ali m'boti, asambe pa mchenga woyera wamkulu ali pambali, ndipo masabata aja akakwana tiwaimbire foni kuwakumbutsa za kuchipatala. Nafenso tisadikire alendo. Tsiku lina nyanja ikatsekedwa, maukonde ali pamtunda, tengani ana anu mukawaonetse mbuna zili zamoyo. Ambiri a iwo nsomba amangoidziwa ili pathandala kapena mu mphika.