Matenda a Parkinson: dzanja likamanjenjemera, tisaiwale maso

M'midzi mwathu timaona agogo ena amene dzanja lawo limanjenjemera ngakhale atangokhala osagwira kanthu. Poyenda amawerama ndipo amakoka mapazi pansi. Ena amati ndi ukalamba, ena amati ndi kachasu, ena amafika powanena kuti ndi mfiti. Komatu mwina ndi matenda a Parkinson, amene ali ndi chithandizo kuchipatala.

Kodi matendawa ndi otani?

Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawafotokoza m'chaka cha 1817. Mkati mwa ubongo muli maselo opanga dopamine, imene imathandiza kuti thupi liziyenda mosavuta. Maselowa akamafa pang'onopang'ono, dopamine imachepa ndipo thupi limayamba kukanika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la OMS linati mu 2019 anthu oposa 8 miliyoni ndi theka anali ndi matendawa. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 60, koma katswiri wankhonya Muhammad Ali anapezeka nawo mu 1984 ali ndi zaka 42. Sapatsirana ayi.

Zizindikiro zake

1. Kunjenjemera kwa dzanja munthu akupuma, kawirikawiri kuyambira mbali imodzi.
2. Kuchedwa pochita zinthu, monga kumanga mabatani kapena kudzuka pampando.
3. Kuuma kwa manja, miyendo ndi khosi.
4. Kugwa pafupipafupi matenda akakula.
5. Mawu otsika ndi nkhope yosasintha ngakhale munthu wakondwa.

Ena amayamba ndi kudzimbidwa ndi kusamva fungo zaka zingapo manjenje asanaoneke.

Nanga maso akulowapo bwanji?

Kumbuyo kwa diso, mkati mwake, kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina. Ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Retina imamera kuchokera ku ubongo mwana ali m'mimba, ndipo nayonso ili ndi maselo opanga dopamine. Choncho matenda akamawononga ubongo amakhudzanso retina.

Odwala ambiri amavutika kusiyanitsa mitundu ndi zinthu zofananirako, makamaka kukamada. Dzenje la panjira kapena mwala wa pakhomo sizioneka bwino. Saphethira kawirikawiri, motero maso amauma ndi kuthetha. Ena amaona zinthu ziwiriziwiri powerenga, ena amaona anthu kapena nyama zimene palibe. Miyendo ikauma, maso nawo osaona bwino, kugwa sikuchedwa, ndipo munthu wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno amavutika kuti adzayendenso.

Mu 2023 akatswiri a pachipatala cha maso cha Moorfields ndi University College London anaunika zithunzi za maso a anthu zikwizikwi, zojambulidwa ndi makina otchedwa OCT. Anapeza kuti zigawo zina za retina zimapyapyala mwa odwala Parkinson, ndipo mwa ena izi zinkaoneka zaka pafupifupi 7 matenda asanadziwike. Komabe kuyeza kumeneku pakokha sikutsimikiza kanthu, chifukwa matenda ena monga glaucoma ndi shuga amawononganso retina. Dokotala amadziwa Parkinson pomufunsa wodwala ndi kuona mmene akuyendera.

Tichite chiyani?

Mankhwala ochiziratu palibe, koma levodopa amachepetsa kuuma ndi kuchedwa, ndipo ambiri amayambanso kudzisamalira okha. Amwedwe pa nthawi yake, osasiya mwadzidzidzi.

Popita kuchipatala tengani mankhwala onse amene wodwala akumwa, chifukwa ena monga haloperidol ndi metoclopramide amatha kubweretsa zizindikiro zofanana. Pemphaninso kuti amuyeze maso. Mwina vuto ndi ng'ala kapena kusowa magalasi, ndipo izi zimathandizika.

Kunyumba, chotsani miyala ndi zingwe panjira yopita kuchimbudzi, ndipo usiku pakhale nyali kapena tochi. Wodwala aziyenda pang'ono tsiku lililonse, wina ali pambali. Alimi, dzitetezeni popopera mankhwala m'munda, pakuti kafukufuku waonetsa kuti okhudzana kwambiri ndi mankhwala ena, monga paraquat, amadwala matendawa kuposa anzawo.

Abale ndi alongo, tisawaseke kapena kuwasala makolo athu onjenjemera. Tiwaperekeze kuchipatala msanga.