Sitima za Nkhondo Zomwe Zinadutsa pa Njanji ya ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone uli kutali kwambiri ndi nyanja yamchere, kotero kuti anthu a ku Nakatindi ndi madera ena a mzindawu akamva za sitima za nkhondo amaganiza za zimphona zachitsulo zomwe amangoziona pa kanema. Komabe m'mwezi wa Julayi 1915 sitima ziwiri za gulu la asilikali a pamadzi a dziko la Britain, lotchedwa Royal Navy, zinawoloka Zambezi pa mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya zitakwezedwa pa mabogi a sitima yapamtunda, n'kudutsa mumzindawu, womwe panthawiyo unali likulu la Northern Rhodesia, ulendo wa ku nyanja ya Tanganyika.

Nkhondo ya pamadzi yamakono inayamba pamene mayiko anasiya zombo zamatabwa zoyendera mphepo n'kuyamba kupanga sitima zachitsulo zoyendera nthunzi, zokhala ndi mizinga yotha kuwombera kutali. Mu 1906 Angerezi anamaliza HMS Dreadnought, yomwe inali ndi mizinga ikuluikulu 10 ndi injini zatsopano zaliwiro, ndipo inachititsa kuti sitima zonse zakale zioneke zachikale, mpaka Germany inayamba kupikisana ndi Britain popanga zofanana nayo. Magulu awiriwa anakumana pa nkhondo ya ku Jutland mu 1916, pomwe panali sitima pafupifupi 250, koma chomwe chinafooketsa Germany kwenikweni chinali kutsekedwa kwa njira za pamadzi zomwe chakudya ndi katundu zinkadzera. Cholinga chachikulu cha gulu la nkhondo la pamadzi ndi kulamulira njira, ndipo mfundo imeneyi inagwira ntchito chimodzimodzi pa nyanja za kuno kwathu, kumene misewu inali yochepa ndipo madzi ndiwo anali msewu waukulu.

Pa nyanja ya Malawi, yomwe inkatchedwa Nyasa, Ajeremani anali ndi sitima imodzi yokhala ndi mzinga, Hermann von Wissmann, yomwe inayamba kuyenda panyanjapo mu 1893, pomwe boma la Nyasaland linali ndi Guendolen, yomwe inalumikizidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, n'kulowa m'madzi mu 1899. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, Kaputeni Edmund Rhoades wa Guendolen anapeza sitima ya Ajeremaniyo itatulutsidwa pamtunda kuti ikonzedwe padoko la Sphinxhafen, lomwe tsopano ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anaiwombera. Mbiri imati Kaputeni Berndt wa sitima ya Ajeremaniyo, yemwe anali bwenzi la Rhoades ndipo anali asanamve kuti nkhondo yayamba, anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, koma anangogwidwa ukapolo wa nkhondo. Nkhaniyi imakambidwa ngati nthabwala, komatu zotsatira zake zinali zazikulu, chifukwa kuyambira pamenepo Angerezi ankanyamula asilikali ndi katundu panyanja popanda wowasokoneza, zomwe zinawathandiza pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho.

Ku Tanganyika zinthu zinali zosiyana, pakuti kumeneko Ajeremani ndiwo ankalamulira madzi, ndipo kumapeto kwa 1914 anafika ku gombe la kummwera, m'dera lomwe tsopano ndi Zambia, n'kuwononga sitima zomwe zinali ku Kituta ndi ku Kasakalawe. Anali ndi Kingani ndi Hedwig von Wissmann, ndipo mu 1915 anamaliza kulumikiza Graf von Götzen, sitima yaikulu yomwe inapangidwa ku Papenburg n'kubweretsedwa ku Kigoma zidutswazidutswa. Malinga ngati sitimazi zinkayenda momasuka, asilikali a Britain ndi a Belgium sakanatha kulowa m'dziko lomwe Ajeremani ankalamulira kum'mawa kwa nyanjayo popanda mantha akuti adani atsika kumbuyo kwawo.

Yankho la akuluakulu a ku London linali lodabwitsa ndithu, chifukwa m'malo mopanga sitima yaikulu anasankha maboti awiri a injini, lililonse lotalika mamita 12 okha, koma aliwiro kuposa sitima zonse za Ajeremani panyanjapo, ndipo lililonse analiika mzinga waung'ono wa mtundu wa Hotchkiss kutsogolo. Mtsogoleri wa ulendowu, Geoffrey Spicer-Simson, anawatcha mayina akuti Mimi ndi Toutou, ndipo anali ndi Angerezi osakwana 30. Mabotiwa anachoka ku England mu Juni 1915, anatsikira ku Cape Town, kenaka anakwera njanji yodzera ku Bulawayo, Livingstone ndi Broken Hill, womwe lero ndi Kabwe, mpaka ku Elisabethville, komwe tsopano ndi Lubumbashi, n'kukafika ku Fungurume kumene njanji inathera. Mlatho wa pa Zambezi unali utangotha zaka khumi chiumangireni mu 1905, ndipo pakanapanda mlathowo ulendo wonsewu sukanatheka m'nthawi yomwe unatenga.

Chigawo chowawa chinayambira pa Fungurume, pomwe mabotiwa anayenera kukokedwa mtunda woposa makilomita 200 kudutsa mapiri a Mitumba m'nyengo ya chilimwe, pogwiritsa ntchito mathirakitala awiri oyendera nthunzi, ng'ombe zambiri ndiponso anthu a ku Congo mazanamazana, omwe anadula mitengo, kusalaza njira ndi kumanga milatho pa mitsinje. Mathirakitalawo ankafuna madzi ochuluka tsiku lililonse, ndipo madzi akasowa amayi a m'midzi ndiwo ankawasenza kuchokera kutali. Atafika ku Sankisia anakweranso njanji yaifupi mpaka ku Bukama, anayandama pa mtsinje wa Lualaba kukafika ku Kabalo, n'kutsiriza ndi njanji ina mpaka ku gombe la Tanganyika.

Kumenyana kwenikweni sikunatenge nthawi. Pa 26 Disembala 1915 Mimi ndi Toutou anagwira Kingani, yomwe Angerezi anaikonza n'kuitcha Fifi, ndipo pa 9 Febuluwale 1916 Mimi ndi Fifi anamiza Hedwig von Wissmann. Graf von Götzen, yomwe inali ndi mzinga wochotsedwa pa Königsberg, sitima ya Ajeremani yomwe inawonongedwa pa mtsinje wa Rufiji mu Julayi 1915, Spicer-Simson sanalimbe mtima kukumana nayo. Ajeremani anaimiza okha pa 26 Julayi 1916 asilikali a Belgium akuyandikira Kigoma. Patapita zaka Angerezi anaivuula, ndipo mu 1927 inayambanso ntchito ndi dzina loti Liemba, n'kumanyamula anthu ndi katundu pakati pa Kigoma ndi doko la Mpulungu kwa zaka makumi ambiri.

Mabuku ambiri a ku Ulaya amakonda kufotokoza za khalidwe lachilendo la Spicer-Simson, yemwe ankavala siketi pantchito, koma kumeneko n'kuphonya nkhani, chifukwa kupambana kwa pamadzi kunangotsegula njira ndipo katundu akafika padoko ankanyamulidwa pamutu ndi amtengatenga, anthu omwe ambiri ankatengedwa mokakamiza kudzera kwa mafumu. Akatswiri a mbiri yakale amawerengera kuti ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 anagwira ntchito imeneyi, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda nkhondoyo isanathe ndi kugonja kwa mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Wofuna kuona zotsala za nkhondoyi apite ku Mangochi, komwe mzinga wa Guendolen udakalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria.