Zidole n'za ana, koma akudandaula ndi akuluakulu

Pa 10 Novembala 2025, tsiku lomwe pulogalamu ya zidole ya Sesame Street inakwanitsa zaka 56 chiyambireni kuonetsedwa ku America, sizoni yake ya 56 inatuluka pa Netflix. Tsiku lomwelo inaonekanso pa PBS, kanema wosachita malonda yemwe mabanja a m'dzikolo amaonera ulere. Eni ake a pulogalamuyi ndi tiana ta zaka zitatu kapena zinayi, tomwe sitinayambe n'komwe sitandade wani. Tiana totere sitilemba kalata ku nyuzipepala ndipo tilibe tsamba pa Facebook. Choncho mawu omwe anamveka m'masiku otsatira, oyamikira ndi odandaula omwe, anali a anthu andevu zawo, ena aimvi, omwe anasiya kuphunzira kuwerenga manambala kalekale.

Chomwe chinawautsa n'chakuti pulogalamuyi yasintha kaphikidwe. Kuyambira 1969, Sesame Street inkayenda mwa tizidutswa: pano kanyimbo ka chilembo, apo kakatuni kowerenga manambala, kenako zidole Bert ndi Ernie zikukangana m'chipinda mwawo, kenako tabwereranso mumsewu. Sizinali zangozi. Joan Ganz Cooney, yemwe anayambitsa pulogalamuyi pamodzi ndi Lloyd Morrisett, anaona kuti ana amaloweza nyimbo zotsatsa malonda pa kanema popanda wowaphunzitsa, ndipo anaganiza zowagulitsa zilembo ndi manambala mwa njira yomweyo. Tsopano gawo lililonse latsamira pa nkhani imodzi ya mphindi 11, yoyamba n'kutha. Otsogolera ndi anayi: Elmo, Cookie Monster, Abby Cadabby ndi Grover. Pawonjezekanso katuni yatsopano yotchedwa Tales from 123, yomwe imalowetsa woonera m'kati mwa nyumba yotchuka ija ya nambala 123, imene kwa zaka zambiri anthu ankaidziwa makamaka ndi masitepe ake a pakhomo. Mkulu wa olemba nkhanizi tsopano ndi Halcyon Person, ndipo a Sesame Workshop, bungwe losachita phindu lomwe limapanga pulogalamuyi, akuti nkhani yaitali imapatsa mwana mpata wotsatira momwe chidole chakwiyira, chakhumudwira, mpaka mtima kukhala pansi.

Ambiri anayamba ndi kupumira m'mwamba, poti panali mantha enieni. Mu Disembala 2024 kampani ya Warner Bros. Discovery, mwini wa HBO, inalengeza kuti siipitiriza mgwirizano wogula magawo atsopano. Mu Malichi 2025 Sesame Workshop inachotsa ntchito pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse. Kwa miyezi ingapo msewu wa zidole unali wopanda kwawo, mpaka mu Meyi pomwe Netflix inatulukira. Munthu amene wakhala akuopa maliro sadandaula msanga za mtundu wa malaya omwe wodwala wavala potuluka m'chipatala.

Koma chimwemwe chitaphwa, mafunso anayamba. Big Bird ali kuti? Nanga Oscar, wolongolola uja wokhala m'bini ya zinyalala? Nanga Count, amene amawerenga chilichonse chomwe waona? Palibe amene wathamangitsidwa, koma pamene anayi aikidwa kutsogolo ndiye kuti ena onse abwerera m'mbuyo, ndipo omwe abwerera m'mbuyowo ndi amene makolo ndi agogo anakula nawo. Ena akuti msewu wayera mopitirira muyeso. Jon Stone, mmodzi wa omwe anaumba pulogalamuyi pachiyambi, anafuna dala kuti uoneke ngati msewu weniweni wa m'dera la anthu osauka mu New York, wa makoma othimbirira ndi mabini pakhomo, kuti mwana wa kumeneko aone kwawo pa kanema. Odandaulawo akuona kuti zimenezo zakhala zikufufutika pang'onopang'ono, ndipo lero pulogalamuyi yayandikira kufanana ndi ena onse a ana, owala mbee, aphokoso ndi othamanga.

Dandaulo loti katuni ikudya nthawi ya zidole ndilo limandigwira mtima, chifukwa chidole ndi ntchito ya thukuta. Big Bird ndi wamtali mamita pafupifupi awiri ndi theka. Munthu amalowa m'kati mwake, n'kukweza dzanja lamanja pamwamba pa mutu wake kuti lilowe m'khosi mpaka kumutu kwa mbalameyo. Zala ndi zomwe zimatsegula ndi kutseka mlomo, kachala kakang'ono n'kumaphethiritsa zikope. M'katimo mulibe zenera. Munthuyo amayenda poyang'ana kakanema kakang'ono komangidwa pachifuwa pake, komwe kamamuonetsa zomwe kamera ikuona. Caroll Spinney anagwira ntchito imeneyi kuyambira 1969 mpaka 2018, dzanja lili m'mwamba, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Lero ndi Matt Vogel. Munthu akadziwa zimenezi, n'zosadabwitsa kuti mphindi iliyonse yomwe yapita ku zojambula za pa kompyuta amaiona ngati yabedwa.

Komabe amene akuidziwa mbiri ya pulogalamuyi angaseke pang'ono, chifukwa kulira kumeneku si kwa lero. Elmo, kachilombo kofiira kamene sikakula kupitirira zaka zitatu ndi theka, poyamba kanali kachidole kongodzazitsa malo. Kevin Clash atakatenga m'zaka za m'ma 1980 n'kukapatsa mawu ake ang'onoang'ono aja, kanayamba kukwera. Mu 1996 chidole chogulitsa cha Tickle Me Elmo chinachititsa makolo kulimbana m'masitolo nyengo ya Khirisimasi. Mu 1998 kanapatsidwa mphindi 15 zomaliza za pulogalamu, pansi pa dzina la Elmo's World. Omwe anakula m'zaka za m'ma 1970 anadandaula kuti kamwanaka kalanda msewu wonse. Ana omwe ankaonera Elmo's World nthawi imeneyo ali khale pamphasa ndi amene lero ali ndi ana awo, ndipo ena mwa iwo ndi omwe akuti zinthu zaonongeka. Aliyense amaona kuti Sesame Street yeniyeni ndi ija anaipeza iye ali ndi zaka zinayi.

Nthawi zina mkwiyo umathamanga kusiya nkhani m'mbuyo. Mu 2005 opanga pulogalamuyi anayamba kuphunzitsa za kadyedwe kabwino, ndipo Cookie Monster, wokonda mabisiketi uja, anauzidwa kuti mabisiketi si chakudya cha nthawi zonse. Mphekesera inafala kuti amusintha dzina ndipo azidya masamba okhaokha. Anthu analemba makalata, ena kusonkhanitsa masiginecha. Dzina silinasinthe, mabisiketi akudyabe mpaka lero.

Nanga anawo amati chiyani? Iwo amafunsidwa mwa njira ina, ndipo njirayi ndi yakale ngati pulogalamu yomwe. Wofufuza wina, Edward Palmer, ankaika mwana patsogolo pa kanema, pambali pake n'kuika chipangizo choonetsa zithunzi zosinthasintha pakangopita masekondi ochepa. Munthu ankakhala pakona n'kumalemba nthawi iliyonse yomwe maso a mwana achoka pa kanema kupita ku zithunzizo. Mu Julayi 1969, miyezi inayi pulogalamu isanayambe, anayesa magawo oyamba m'makomo a ku Philadelphia. Akatswiri a maganizo a ana anali atalangiza kuti zidole zisasakanizidwe ndi anthu enieni mumsewu, poopa kusokoneza ana. Zotsatira zinali zomvetsa chisoni: zidole zikaoneka ana ankayang'anitsitsa, anthu akayamba kuyankhula okhaokha maso ankathawa. Opangawo anataya malangizo a akatswiri aja, ndipo umu ndi momwe Big Bird ndi Oscar anakhalira anansi a anthu mumsewumo. Ndiye kuti mbalame yomwe akuluakulu akuilirira lero inafika pamenepo chifukwa maso a ana a 1969 anaifuna. Ngati maso a ana a lero, ozolowera mapulogalamu ena a ana ngati Bluey, CoComelon ndi Ms. Rachel, akukhazikika pa nkhani imodzi yaitali, opangawo akuchita zomwe akhala akuchita chiyambire.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi odandaula za kaphikidwe. Koma pali dandaulo lina lomwe silingakankhidwire kumbali ngati kungosowa ubwana, ndipo ndi la anthu enieni a mumsewu muja. Mu 2016 zinamveka kuti Bob McGrath, amene analipo kuyambira gawo loyamba, Emilio Delgado yemwe ankasewera ngati Luis kuyambira 1971, ndi Roscoe Orman, Gordon wa kuyambira 1974, sakhalanso m'magawo atsopano. Anthu anakwiya kwambiri moti mkulu wa Sesame Workshop panthawiyo, Jeffrey Dunn, anapepesa poyera. Sikuti ankangokonda nkhope zozolowereka. Akuluakulu amenewa ndi omwe ankanyamula nkhani zolemera.

Will Lee, amene ankasewera ngati Mr. Hooper wa sitolo ya pakona, atamwalira mu Disembala 1982, opangawo akanatha kunena kuti wasamuka. Sanatero. Mu Novembala 1983, pa tsiku la tchuthi cha Thanksgiving pomwe makolo amakhala pakhomo, anaonetsa Big Bird atajambula zithunzi za anzake akuluakulu, akugawa chimodzichimodzi. Chatsala cha Mr. Hooper, iye n'kunena kuti amupatsa akabwera. Akuluakulu aja, misozi ili m'maso yosachita kuyeserera, anamuuza kuti munthu akamwalira sabweranso, koma iwo alipo ndipo amusamala. Mu 1985 anachitanso china. Kwa zaka 14 akuluakulu a mumsewu sankakhulupirira Big Bird akamanena za mnzake Snuffleupagus, poti nthawi zonse ankachoka iwo asanafike. Nkhani za ana ochitidwa nkhanza zitachuluka m'manyuzi, opangawo anaopa kuti akuphunzitsa ana kuti ukanena zoona akuluakulu sakumvera. Anakonza gawo lomwe onse anamuona ndi maso, n'kupepesa kwa Big Bird. Zinthu zotere chidole sichingazichite chokha. Pamafunika munthu wamkulu woti agwade, ayang'ane mwana m'maso. Anthu alipobe mumsewumo, koma pulogalamu yomwe inali ya ola lathunthu inadulidwa kukhala ya theka la ola mu 2016, ndipo m'nkhani ya mphindi 11 yozungulira zidole zinayi, malo awo ndi opanikizika. Wofunsa ngati gawo ngati la Mr. Hooper lingakwane m'menemo akufunsa funso loyenera.

Si onse odandaula omwe amatero chifukwa chokonda. Mu 1970 komiti ya boma la Mississippi inaletsa pulogalamuyi pa kanema wake chifukwa inkaonetsa ana akuda ndi azungu akusewera limodzi. Nkhani itatuluka m'manyuzi, chiletsocho chinachotsedwa pasanathe mwezi. Mu 2002, Takalani Sesame, mphukira ya pulogalamuyi ku South Africa yomwe inayamba mu 2000 ndipo ana a Amalawi okhala ku Joni amaipeza pa SABC, inabweretsa Kami, kamtsikana kachidole ka zaka zisanu komwe kali ndi HIV ndipo mayi ake anamwalira ndi Edzi. Kuno kum'mwera kwa Africa, komwe panthawiyo maliro anali a tsiku ndi tsiku, panalibe chachilendo. Amene anadzidzimuka anali aphungu ena a nyumba ya malamulo ku Washington, omwe analembera PBS kalata yoti chidole chotere chisaonekere ana a ku America. Chaka chotsatira UNICEF inasankha Kami kukhala kazembe wake wa ana.

Pansi pa mikangano yonseyi pali ndalama, ndipo apa otsatira pulogalamuyi anapambanapo kanthu. Mgwirizano wa HBO utalengezedwa mu 2015, magawo atsopano ankayamba kuonekera olipira, ndipo ana oonera PBS ankadikira miyezi isanu ndi inayi. Pulogalamu yomwe inapangidwira mwana wa m'banja losauka inayamba kufika kaye kwa mwana wa opeza bwino, ndipo anthu sanasiye kuzinena kwa zaka pafupifupi khumi. M'mgwirizano wa Netflix kudikirako kwatha: gawo likatuluka uku, latulukanso uko tsiku lomwelo. Kunja kwa America, Netflix ikuifikitsa m'zilankhulo zoposa 30, pamodzi ndi maola 90 a magawo akale, ngakhale kuti kwa banja la ku Ndirande kapena ku Chipata kufikako kumadalira ndalama ya mwezi ndi mwezi, bandulo ndi magetsi.

Vuto n'lakuti PBS yomweyo yagwedezeka. Mu Julayi 2025 nyumba ya malamulo ya America inabweza ndalama zokwana madola 1.1 biliyoni zomwe inali italonjeza kale ku Corporation for Public Broadcasting, bungwe lomwe kuyambira 1967 linkagawa thandizo la boma ku mawailesi ndi makanema osachita malonda. Pa 1 Ogasiti bungwelo linalengeza kuti litseka. Masiteshoni a m'mizinda ikuluikulu ali ndi anthu ambiri opereka mphatso ndipo akhoza kupirira. Amene ankadalira kwambiri thandizo la boma ndi ang'onoang'ono a kumidzi, kumadera ngati Alaska ndi m'malo a eni nthaka a ku America, komwe intaneti ndi yofooka ndipo kanema waulere ndi yemwe amafikitsa Elmo panyumba.