Nkhondo Inkayenda pa Mitu ya Amtengatenga

Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 podzera ku Luchenza, kufupi ndi minda ya tiyi ya ku Mulanje. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, mpunga, mchere ndi zipolopolo za asilikali a King's African Rifles zinkadutsa momwemo, kupita ku Fort Johnston n'kukwezedwa m'sitima za panyanja. Katunduyo akatsitsidwa kumpoto, njanji kunalibe, misewu inali yosayendeka. Zotsala zinali mitu ya anthu.

Aroma akale vuto lodyetsa asilikali ankalidziwa bwino. Gulu la asilikali 5,000 linkadya matani anayi a tirigu pa tsiku, mwina kuposa. Amuna asanu ndi atatu ankagona m'tenti imodzi, ali ndi nyulu yowanyamulira tentiyo ndi mphero. M'malinga mwawo ankamanga mosungira tirigu mokweza pansi pake kuti chinyontho chisalowe, nzeru yomwe ija ya nkhokwe zathu. Cha m'ma 107 BC kazembe Gaius Marius anachepetsa ziweto zonyamula katundu, msilikali n'kumasenza yekha kamba wake.

Kuno nyulu ndi ng'ombe zinkatha ndi kashembe. Choncho General Edward Northey, amene anatsogolera asilikali ochokera ku Nyasaland kuyambira 1916, anadalira amtengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchitoyi, ambiri ochita kugwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Ku Mulanje, Alomwe ochokera ku Mozambique anali kale pa thangata m'minda ya azungu, ndiye boma ndi eni minda ankalimbirana anthu omwewo.

Masamu ake anali ankhanza. Mtengatenga ankasenza makilogalamu pafupifupi 25, iyenso n'kumafuna kilogalamu imodzi ya chakudya pa tsiku. Pa ulendo wa masiku khumi kupita, khumi kubwerera, akanadya pafupifupi katundu yense. Chakudya chikachepa, msilikali ndiye ankayamba kupatsidwa, wosenza n'kugona ndi njala. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri asanamve n'kulira kwa mfuti komwe.

John Chilembwe anaziwoneratu. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni. Ataukira boma, anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915, mtembo wake n'kupita nawo ku boma la Mulanje. Kugwira amtengatenga kunali kusanafike pachimake.

Amtengatenga opulumuka anabwerera kumapeto kwa 1918 n'kupeza minda ili thengo, ndipo mliri wa chimfine unafalikira m'midzi kudzera m'njira zomwe iwo ankayendamo.