Imam Nawawi ndi qunut ya Subuhi m'mizikiti yathu

M'mizikiti yambiri ya kunyanja kuno, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Liwaladzi, imamu amawerenga qunut pa rakaa yachiwiri ya Swala ya Subuhi. Izi ndi za madhhab a Imam Shafi'i, amene anafika kuno ndi Aswahili a Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840. Mwa maulama amene anasanja malamulo a madhhab amenewa, wodaliridwa kwambiri ndi Imam Nawawi, Allah amuchitire chifundo.

Dzina lake ndi Yahya bin Sharaf. Anabadwa mu 631 Hijri (1233) m'mudzi wa Nawa ku Syria. Mu 649 bambo ake anapita naye ku Damascus, komwe ankakhala pa madarasi 12 tsiku lililonse. Mu 665 anakhala mkulu wa Dar al-Hadith al-Ashrafiyya. Anamwalira kwawo mu 676 (1277) ali ndi zaka 45, asanakwatire.

Pa hadith anatisiyira Riyad al-Salihin, ndemanga ya Sahih Muslim, ndi Arba'in, imene ili ndi mahadith 42 ngakhale dzina lake likutanthauza 40. Pa fiqh analemba Minhaj al-Talibin, buku limene makadhi a ku Zanzibar ankaweruzira milandu, komanso al-Majmu', imene imfa inamupeza asanaimalize.

Kwa iye qunut ya Subuhi ndi sunnah yotsimikizika: woisiya Swala yake sinaonongeke, amangochita sijida ya kuiwala. Ahanafi ndi Ahanbali saiwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo nawo ali ndi umboni wawo. Pothirira ndemanga Sahih Muslim, Nawawi anafotokoza kuti chodzudzulidwa ndi choipa chimene maulama onse agwirizana kuti nchoipa. Pamene asiyana maganizo, munthu amalangizidwa mofatsa, sakakamizidwa. Sikuti anali wamantha. Sultan Baybars atafuna kulanda minda ya anthu a ku Damascus, Nawawi anamulembera kalata yomuletsa, pakuti kulanda cha mwini popanda chilungamo palibe madhhab amene amaloleza.

Tsono ophunzira athu obwera kumaphunziro akunja, musanatchule qunut ya makolo anu kuti ndi bid'ah, yambani mwafufuza ngati maulama anagwirizanadi pa zimenezo. Nanunso akuluakulu, mnyamata akatsogolera Swala osawerenga qunut, musachoke pambuyo pake. Swala yanu ndi yolandirika. Mawu okhwima tiwasungire katapira, kulanda katundu wa ana amasiye ndi kubera pa sikelo, zimene aliyense akudziwa kuti ndi haramu. Allah ndiye Wodziwa koposa.