Anapha Joel, kenako n'kutiuza kuti tisewere ngati womuphayo

Tichenjezeretu: ngati simunasewere The Last of Us Part II ndipo mukufuna kudzadzionera nokha mmene imathera, nkhani ino iulula zonse.

Mukalowa m'kachipinda ka magemu pa Mzimba boma kapena pa Jenda, chomwe chimakulandirani ndi phokoso la mpira. Munthu amalipira gemu imodzi ya FIFA, akaluza n'kusiyira mnzake mpando. Palibe amene amatuluka akudandaula kuti nkhani yake sinamukomere, poti mpira ulibe nkhani. Wagoletsa kapena akugoletsa, basi.

Koma pali magemu ena omwe amafika kuno mwakachetechete, m'zikwama za abale athu ochokera ku Joni: PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi madisiki angapo omwe mwini wake anatopa nawo. Amenewa ndi magemu a nkhani. Umatsatira anthu omwewo kwa masiku ambiri, ESCOM ikalola, mpaka kufika powadziwa ngati a pamudzi pako. Mwa onsewa, ndi ochepa omwe anayambanitsa osewera ngati The Last of Us Part II.

Gawo loyamba linatuluka mu 2013, lopangidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Naughty Dog. Dziko lasakazidwa ndi matenda omwe amasandutsa anthu zilombo. Joel, bambo yemwe mwana wake wamkazi anafera m'manja mwake tsiku lomwe mliri unabuka, apatsidwa ntchito yoperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14 yemwe matendawa samugwira. Ayenda kuchokera ku Boston mpaka ku Salt Lake City, komwe madokotala akufuna kupeza katemera kudzera mwa iye. Pofika kumeneko Joel wayamba kumuona Ellie ngati mwana wake. Atamva kuti opaleshoniyo imupha, anyamula mfuti, aphe dokotala ndi ena ambiri m'chipatalamo, n'kuthawa naye. Ellie atadzuka, Joel amunamiza.

Osewera anadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti amve zotsatira. Gawo lachiwiri linatuluka pa 19 June 2020, dziko lonse lili m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ndipo m'masiku atatu okha makope oposa 4 miliyoni anagulidwa.

Ndiye taonani zomwe anapezamo. Gemu isanapite patali, Joel apulumutsa mtsikana wina dzina lake Abby, ndipo Abby yemweyo amumenya ndi ndodo ya gofu mpaka kumupha, Ellie akuona. Wosewera, mtima uli phuliphuli, atenga Ellie kupita naye ku Seattle kukabwezera. Apha anzake a Abby mmodzimmodzi. Ndiye pomwe awiriwa akumana maso ndi maso, nkhani ibwerera m'mbuyo, ndipo gemu ikuuza kuti tsopano ndiwe Abby. Osati kwa mphindi zochepa ayi, koma maola pafupifupi khumi. M'menemo ndimo umadziwira kuti dokotala uja Joel anamupha m'chipatala anali bambo ake a Abby.

Mkwiyo wake unali wosasimbika. Pa Metacritic, pomwe akatswiri anaipatsa gemuyi 93 pa 100, mavoti a anthu wamba anaigwetsera pansi pa 4 pa 10 m'masiku oyambirira. Chodabwitsa n'chakuti mavoti ambiri anabwera gemu itangotuluka, pomwe kuimaliza kumafuna maola oposa 20. Zina za nkhaniyi zinali zitabedwa n'kuponyedwa pa intaneti mu April, ndiye ambiri anavota atangoona tizidutswa. Metacritic inachita kusintha malamulo, kuti anthu azidikira maola 36 asanavotere gemu yatsopano. Ena sanakwiyire imfa ya Joel yokha. Anadana ndi thupi la minyewa la Abby, komanso chikondi cha Ellie ndi mtsikana mnzake Dina. Laura Bailey, yemwe anasewera ngati Abby, analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Tangoganizani, munthu weniweni, kuopsezedwa chifukwa cha imfa ya munthu yemwe sanakhaleko n'komwe. Apo ndiye panalibe nzeru.

Koma tikachotsa anthu a chipongwe amenewa, patsala osewera ambiri omwe anakhumudwa moona mtima, ndipo amenewa sitiyenera kuwaseka.

Filimu ikapha munthu yemwe umamukonda, umangoti "ah, zachisoni", n'kupitiriza kudya chimanga chako chootcha. Gemu ndi ina. Yemwe anamuyendetsa Joel ulendo wonse uja ndiwe. Zala zako ndi zomwe zinamudzutsa atagwa, ndipo ndiwe unalowa naye m'chipinda cha opaleshoni. Kumbukirani nthano za agogo madzulo: wofotokoza sapitiriza ngati omvera sakuvomera kuti tili tonse. Pa gemu, kuvomerako ndi batani lomwe ukudina. Naughty Dog inafuna kuti uvomere ngakhale pomwe mtima ukukana. Pali malo ena pomwe iwe, uli Abby, uyenera kumenya Ellie kuti gemu ipitirire. Palibe njira ina. Ukaleka kudina, nkhani yaima pomwepo. Ena ankangomusiya Abby kuti aphedwe, mobwerezabwereza, kuti mtima uphweko.

Palinso nkhani ya malonda. Kanema wotsatsa gemuyi wa mu 2019 anaonetsa Joel akumupeza Ellie pa ulendo wake, ngati kuti ayendanso limodzi. Mu gemu yeniyeni, pamalo pomwepo pali mnyamata wina, Jesse. Opanga ankabisa chinsinsi, inde, koma wogula anaona ngati amugulitsa mbuzi ili m'thumba. Kwa munthu wa ku America anali madola 60 omwe anapita mu 2020. Kwa wa ku Embangweni, yemwe anachita kupempha achimwene ake ku Johannesburg kuti amuikire disiki m'katundu, n'kudikira miyezi, kupwetekako ndi kwina.

Ine ndikuona kuti imfa ya Joel inali m'malo mwake. Munthu anapha dokotala wosanyamula mfuti, n'kutseka njira ya katemera wa dziko lonse, ndiye timayembekezera kuti akalamba mwamtendere akuimba gitala? Ife tinamukhululukira chifukwa tinkaonera mbali yake. Abby sanamuone Joel ngati bambo wachikondi. Anaona mtembo wa bambo ake pansi m'chipatala. Mbali imeneyi gemu inaigwira bwino, ndipo imaluma.

Pomwe inaphonya ndi kasanjidwe. Inatipatsa chifukwa cha Abby mochedwa, titadana naye kale kwa maola ambirimbiri, kenako n'kumatinyengerera ndi zithunzi za iye akusewera ndi galu komanso akupulumutsa ana awiri, Lev ndi Yara. Ukuchita kuona dzanja la wolemba likukukankha kuti umukonde. Ndiponso gemu imene ikukudzudzula chifukwa chobwezera ndi yomweyo yomwe yakuphetsa anthu mazanamazana popanda kukufunsa. Pamapeto pake, pa gombe la ku Santa Barbara, Ellie amugwira Abby m'madzi, atsala pang'ono kumumiza, kenako amusiya. Abwerera kunyumba wataya zala ziwiri, nyumba ili mbee, gitala yomwe Joel anamusiyira sangathenso kuiimba bwino. Ena analira. Ena anaponya kontirola.

Kuno kwathu vuto lina ndi lakuti ambiri gemuyi sitinaigwirepo. Tinaidziwira pa foni, pa tizidutswa ta pa TikTok ndi YouTube, malinga ndi kukula kwa bandulo ya Airtel kapena TNM. Kadutswa ka ndodo ya gofu kamatenga mphindi zochepa, pomwe maola khumi a Abby palibe bandulo yomwe ingawapirire. Ndiye chigamulo chomwe chimayenda m'magulu a WhatsApp ndi cha anthu omwe anaona imfa koma sanamve mlandu. Ndipo kwa amene muli nayo disikiyi pakhomo, onani pachikuto: yalembedwa 18. Si ya ana a sukulu omwe amadzaza pabalaza Loweruka masana.

Kukhumudwa kotere sikunayambe ndi Joel. Mu 2012 osewera anakwiya ndi mathero a Mass Effect 3 mpaka kampani ya BioWare inagonja, n'kutulutsa mathero owonjezera aulere. Naughty Dog sinatero. Nkhani inakhala momwemo, mu December 2020 gemuyi inapambana ngati gemu yabwino koposa ya chakacho pa The Game Awards, ndipo pofika 2022 inali itagulitsa makope 10 miliyoni.

Komabe taonani zomwe zinachitika HBO itaisandutsa filimu ya pa TV. Mu April 2025, m'chigawo chachiwiri cha sizoni yachiwiri, Joel, yemwe akuseweredwa ndi Pedro Pascal, anafanso ndi ndodo ya gofu yomwe ija. Koma ulendo uno Abby, asanamumenye, anayamba wamuuza kuti dokotala uja anali bambo ake. Neil Druckmann, yemwe anatsogolera kalembedwe ka gemuyi, anali m'gulu la opanga filimuyo.