Ana Ajambula Mtendere pa Nsalu Imodzi

Nchito yochedwa Kids' Guernica inayambira ku Japan mu 1995, patapita zaka 50 nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Ana a m'maiko osiyanasiyana amajambula zithunzi za mtendere pa nsalu ya mamita 7.8 m'litali ndi 3.5 m'lifupi. Uwu ndiwo ukulu wa cithunzi cimene Pablo Picasso anajambula mu 1937, mzinda wa Guernica ku Spain utaphulitsidwa ndi mabomba.

Ana amayamba ndi kukambirana tanthauzo la mtendere. Kenaka, mothandizidwa ndi aphunzitsi ndi akatswiri ojambula, amagwirizana zoti ajambule. Popeza nsaluyo ndi imodzi, mwana aliyense amaphunzira kumvera mnzake ndi kumsiyira malo. Zithunzizo zikatha zimaonetsedwa poyera, kuti akulu amene amayambitsa nkhondo aone zimene ana amafuna.